Bakha, Mlendo Wopanda Mpando Pamwambo

Akuluakulu akale anati ukaipa nkhope dziwa nyimbo, kutanthauza kuti munthu wosowa maonekedwe azikhala ndi luso lina lomuombola pagulu. Bakha amene amawetedwa m'midzi yambiri ya m'Malawi anamanidwa zonse ziwiri. Nkhope yake ili ndi zotupa zofiira zonga njerewere, ndipo kunena za nyimbo, wamwamuna amangopuma mosasa ngati munthu wodwala mphumu, pamene wamkazi amalira motsitsa kwambiri moti sangadzutse khanda.

Pamiyambo yathu nkhuku ndiyo ili ndi mpando. Mlendo wolemekezeka amamuphera nkhuku. Wolakwa pabwalo la amfumu amapepesa ndi nkhuku. Pachinkhoswe ankhoswe a mbali ziwiri amapatsana nkhuku, ndipo ndalama za kwacha zitayamba m'chaka cha 1971, tambala ndiye analandira ulemu wotchulidwa pa makobidi. Bakha sapezeka m'zonsezi, ndipo chifukwa chake n'chakuti ndi wobwera. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko a ku Central ndi South America, kumene eni dziko ankamuweta Columbus asanafikeko m'chaka cha 1492. Zombo za Asipanya ndi Apwitikizi ndizo zinamufalitsa kutsidya lino la nyanja m'zaka za m'ma 1500. Angelezi amamutcha Muscovy ngati kuti anachokera ku Moscow, koma ku Russia alibeko mbumba. Tchire lakwawo analisiya, koma zikhadabo zakuthwa zogwirira nthambi adakali nazo, pakuti makolo ake ankagona m'mitengo.

M'mudzi wina kufupi ndi nyanja ya Chilwa munali mayi wamasiye wokalamba amene ankalera adzukulu atatu. Mchimwene wawo anawapatsa abakha awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo anzawo pamudzi anaseka kuti mphatso yotere ndi yopatsa munthu amene sumufunira ukhondo. Chaka chomwecho, dzuwa la Okutobala litafika poswa mtengo, chitopa chinalowa m'mudzimo. M'masabata awiri makola a nkhuku anatsala pululu, koma abakha aja ankangoyendayenda pabwalo akugwedeza michira. Nthenda imeneyi kawirikawiri siwagwetsa abakha, ngakhale kuti amatha kunyamula kachilombo kake n'kupatsira nkhuku. N'chifukwa chake woweta ziweto ziwirizi pamodzi sayenera kuleka kudonthezera nkhuku zake katemera wa m'maso uja wotchedwa I-2.

Mvula itayamba, wamkazi anaikira mazira khumi ndi awiri kuseri kwa nkhokwe, nazula nthenga zofewa za pachifuwa pake kuti aziwafunditsa akamapita kokamwa madzi. Atafungatira masabata atatu osaswa, mdzukulu wamkulu, amene ankadziwa za nkhuku zokha, anataya mtima.

"Agogo, mazira aja avunda. Ndikawataye kudzala kodi?"

"Usawakhudze, mdzukulu wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Agogowo ankadziwa chimene ankanena. Nkhuku imaswa pakatha masiku 21, abakha oyera amtundu wa Pekin pakatha masiku 28, koma bakha wapakhomoyu amadikira masiku 35, masabata asanu athunthu. Mazira ambiri a abakha atayidwa ali ndi ana amoyo m'kati chifukwa cha anthu owerengera bakha masiku a nkhuku. Sabata yachisanu itatha, tiana khumi tachikasu tinatuluka.

Kuswa ndi chiyambi chabe cha ntchito. Kabawi ndi khwangwala amazonda kumwamba, likongwe ndi ng'azi amadikira pansi, ndipo ngakhale bakha wamwamuna yemwe amatha kujompha ana ake mpaka kuwapha. Agogowo anatsekera make ndi ana m'khola laudzu kwa masabata angapo, akuwapatsa madeya onyowetsa, masamba a bonongwe oduladula, chiswe ndi zotsalira za usipa. Madzi ankawaikira m'mbale yosaya, chifukwa tiana ta bakha tikanyowa n'kuzizidwa timafa msanga, ngakhale kuti anthu amaganiza kuti mwana wa bakha sangaphedwe ndi madzi. Chinthu chimodzi chimene sankalola ndi madeya kapena mtedza wochita chuku. Poizoni wa m'chuku amene akatswiri amamutcha aflatoxin amaononga chiwindi, ndipo mwa ziweto zonse zanthenga ana a bakha ndiwo sachedwa kufa naye.

Walira mvula walira matope. Abakha atachuluka, zitosi zawo zamadzimadzi zinadzadza khonde, ndipo tsiku lina anakasambira m'chithaphwi cha pamjigo pomwe amayi amatsukira ndowa. Mawu anakula mpaka nkhani inafika kwa anyakwawa. Iwo sanalamule kuti abakha aphedwe, koma kuti mwini wake awamangire mpanda. Adzukulu anadula bango, nakwirira beseni lakale pakona kuti likhale dziwe, ndipo anadula nthenga zazitali za phiko limodzi la abakha aakazi, chifukwa iwowa ndi opepuka ndipo amauluka mpaka padenga. Zitosi zomwe zinayambanitsa anthu zija zinayamba kupita kudimba, kumene zinanenepetsa mpiru ndi tomato. M'kati mwa mpandamo ntchentche zinachepa, pakuti bakha ameneyu amazisaka ndi khama, pamodzi ndi nkhono ndi mphutsi za udzudzu.

Pa nkhani ya mbewu, bakha wamwamuna mmodzi amakwanira aakazi anayi kapena asanu. Amuna akachuluka amamenyana mpaka magazi ndipo amatopetsa aakazi. Wodyetsedwa bwino amalemera makilogalamu 4 mpaka 6 pamene wamkazi amalemera 2 mpaka 3, choncho amuna otsala ndiwo oyenera kupita kumsika. Agogo aja ankasinthana wamwamuna ndi woweta wa mudzi wina chaka ndi chaka, ponena kuti zachibale n'zoletsedwa ngakhale m'khola. Wofuna kukweretsa bakhayu ndi wa Pekin adziwiretu kuti ana ake amakula msanga ndi kunona, koma sabereka, monga bulu wobadwa kwa kavalo. Alimi a ku France amaweta dala abakha osakanizawa chifukwa cha nyama ndi chiwindi chawo, koma munthu wa kumudzi akatero wadula mbewu yake ndi manja ake.

Nthawi ya mayeso a Sitandade 8 itayandikira, abakha amuna asanu anagulitsidwa, ndipo mdzukulu uja anapeza yunifolomu, makope ndi nsapato. Mmodzi mwa amayi amene anakadandaula kwa anyakwawa anabwera madzulo ena kudzapempha kamsoti ka bakha, nalonjeza kudzabweza awiri akadzaswa. Anapatsidwa, pakuti kupatsa n'kuika.

Ankhoswe sadzanyamula bakha popita kukamanga ukwati, ndipo palibe chifukwa chosinthira mwambo umenewo. Koma makolo omwe anakweza nkhuku ndiwonso anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pakhomo pokhala nkhuku zokha, chitopa chikadutsa pamatsala nthenga. Pomwe pali abakha awiri atatu pamatsala poyambira, bola mwini wake akhale ndi mpanda, madeya ouma bwino, ndi mtima wodikira masabata asanu.