Liwu Limene Ndidatola ku Salamanca

Munthu pobwera ku ulendo amatengera ana kamphatso. Ine ndabwera ndi liwu limodzi lokha la Chisipanishi, ndipo ndifuna kukugawirani.

Salamanca ndi mzinda wa m'dziko la Spain, kumadzulo kwa Madrid, m'mbali mwa mtsinje wa Tormes. Kumeneko kuli sukulu yaikulu ya ukachenjede imene mfumu Alfonso IX idakhazikitsa m'chaka cha 1218. Nyumba zakale za mumzindamo nzamiyala yokumba ku Villamayor, yofewa posema, yowala ngati golide dzuwa likapendeka.

Mkulu wina wa komweko, mphunzitsi wopuma ntchito, adanditsogolera ku khomo la sukuluyo, naloza kumwamba, nati: "Fachada." Liwuli litanthauza nkhope ya nyumba, ndiye kuti khoma lakumaso limene odutsa mu msewu amaliona. Ndidaima kukamwa kuli yasa. Khomalo, limene amisiri adalisema m'zaka za m'ma 1520 patsogolo pa nyumba yakale, ladzaza maluwa, zilombo ndi nkhope za anthu. Pamwamba pa zitseko ziwiri pali mfumu Fernando ndi mfumukazi Isabel atagwira ndodo imodzi yachifumu.

Koma khamu la alendo silidali kuyang'ana mafumuwo ayi. Onse adali kufunafuna kachule kosemedwa pamwamba pa chibade cha munthu, pakuti ophunzira amati wokapeza yekha adzakhoza mayeso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ine ndidakapeza khosi litawawa. Ambiri atakaona adajambula zithunzi, nabwerera osalowa m'kati.

Ife tidalowa. Taonani, chipinda chotchuka koposa nchamdima ndi chozizira, mabenchi ake ndi mitanda chabe yamitengo, yosapala bwino. M'menemo ndimo ankaphunzitsira Fray Luis de León, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera. Aphunzitsi anzake adamneneza ku bwalo loweruza milandu ya chikhulupiriro, lotchedwa Inquisición, ndipo adakhala m'ndende ku Valladolid kuyambira 1572 kufikira 1576. Atapezeka wosalakwa adabwerera kudzaphunzitsanso. Nzeru za Salamanca zidamera pa mitanda imeneyo, osati pa khoma lokongola lija.

Potuluka, mkulu uja adandiphunzitsa tanthauzo lachiwiri. Munthu akamaonetsera chuma kapena ulemerero umene alibe, anthu a ku Spain amati "pura fachada," ndiye kuti khoma lakumaso lokhalokha, kuseri kulibe nyumba. Ndidamuuza kuti kwathu timati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adaseka kwambiri, ndipo potsazika adakhudza jekete yanga, nati: "Nsalu yabwino iyi, bambo."

Pomwepo mtima udandigunda. Suti imeneyo ndidaitenga pa ngongole kuti ndikaoneke bwana pa ulendo, pamene fizi ya mwana wanga wamkazi idali isanathe, ndiponso denga la kwathu lidali kudontha. Mayi a kunyumba adaandiletsa, koma ine ndidawakalipira. Mkuluyo sadadziwe kanthu ka zonsezi. Ndine ndekha ndidadziwa kuti patsogolo pa fachada yamiyala paima fachada inanso, yovala suti.

Sindinena kuti kukongoletsa khomo nkulakwa. Khonde lozira bwino lilemekeza mlendo. Koma a ku Salamanca adayamba ndi zipinda zophunziriramo, nadzasema khoma lija patapita zaka ngati 100. Cholakwa ndicho kuyambira kumaso, m'kati musanakonzeke.

Nditafika kumudzi ndidapepesa mayi aja, ndidagulitsa sutiyo, ndipo ndalama zake zidapita ku sukulu ya mwana. Ngongole ndikubwezabe pang'onopang'ono. Tsono inu abambo ndi amayi, musanagule utoto wa pakhomo, yambani mwasuzumira m'nkhokwe. Tsalani bwino nonse.