KU LUANGWA BOMA, CHAINAMA ALI KUTALI

Munthu wocokera ku Lusaka akayandikira ulalo wa Luangwa, pamene amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, amasiya mseu waukulu wa ku Chipata nakhotera kudzanja lamanja. Mseu umenewu utsata mtsinje, kupyola midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma ndi ya Mfumu Mphuka, mpaka kukathera pa Luangwa Boma. Dzina lakale la malowa ndi Feira.

Pano ndi pamene Luangwa athira m'Zambezi. Ukaima padooko uona Zumbo wa ku Mozambique tsidya lina la Luangwa, ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe tsidya lina la Zambezi. Dziko ndi lotentha, mvula ndi yocepa, ndipo kawirikawiri njobvu zimatha minda usiku umodzi. Cifukwa cace mabanja ambiri adalira ukonde ndi bwato.

Madzulo asodzi akakoceza, ndalama ya nsomba imasanduka mowa. Cigwa cino ndi ca masau, ndipo masau omwewo amachezedwa kacasu. Enanso amasuta camba poti acotse mantha a ng'ona ndi mvuu. Boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma ludzu silinathe ndi lamulo.

Tsono bvuto lagona apa. Munthu wozolowera kacasu akaleka mwadzidzidzi angayambe kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka. Pamudzi ena amati wapenga, ena amati walodzedwa, ndipo amam'manga ndi cingwe. Cikhalireco ameneyu ndi wodwala wofunika cipatala tsiku lomwelo, pakuti matendawa amapha. Malungo olowa m'mutu nawonso amasokoneza munthu cimodzimodzi, ndipo sadikira.

Anthu akamva za matenda a maganizo amakumbuka cipatala ca Chainama Hills ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Koma kucokera pa Boma kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 300. Banja liyenera kugulitsa mbuzi kuti lipeze ya ulendo wa wodwala ndi womperekeza. Ambiri amalephera, ndipo wodwala amangokhala kuseli kwa nyumba zaka ndi zaka.

Abale, ulendo woyamba si wa ku Chainama ai. Yambani pa kiliniki ya kwanu, kapena pa cipatala ca pa Boma, kapena ca mishoni ku Katondwe. A zaumoyo ndiwo adzapima wodwala ndi kuona ngati afunika kutumizidwa kutsogolo. Khunyu ili ndi mankhwala ace, ndipo sipatsirana. Nako kukhumudwa kosatha, kumene kumalanda munthu tulo ndi cilakolako ca nsima, kumacizika.

M'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lija la atsamunda. Lamuloli liteteza ulemu ndi ufulu wa wodwala. Koma kuti ligwire nchito kuno, m'makiliniki mufunika anamwino ophunzira za matendawa ndi mankhwala osatha msanga. Mafumu, anyakwawa ndi akulu a mipingo nawo ali ndi mbali yao: kuletsa kumanga odwala, ndi kucenjeza anyamata mowa usanawagwire.

Mutu umodzi susenza denga. Msodzi akagwa m'madzi pa Zambezi anzace safunsa ngati anamwa; amayamba am'bvuula. Ticite cimodzimodzi ndi pamtunda pomwe.