MIDZI YA KU KATETE PA MAPU: NYUMBA NDI ITI, NKHOKWE NDI ITI?

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Kum'mawa, akapitirira Petauke ndi Sinda, amayamba kuona phiri la Mphangwe patsogolo pace, ndipo pamenepo amadziwa kuti wafika ku Katete. Boma la Katete lili m'tsinde mwa phirilo, pafupi ndi mphambano pamene mseu wina umapatukira kum'mwera kunka ku Chanida, ku malire a dziko la Mozambique. Koma anthu ambiri a ku Katete sakhala pa mseu ai. Ali m'midzi ya Acewa imene yamwazikana m'mbali mwa madambo, pakati pa minda ya cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa, m'dziko la Kalonga Gawa Undi amene likulu lao lili ku Mkaika.

Pa mapu akale mudzi unali kadontho cabe ndi dzina la mfumu, ndipo midzi yambiri inalibe ngakhale kadonthoko. Masiku ano kuli mapu oonetsa nyumba imodzi-imodzi. Ena mwa mapu otere ndi a OpenStreetMap, amene anayambidwa ndi Steve Coast ku Britain m'caka ca 2004. Mapuwa sali a boma kapena a kampani, koma munthu ali yense wokhala ndi kompyuta kapena foni angathe kuonjezerapo cimene akucidziwa, monga momwe anthu amathandizanirana kulima m'munda wa mnzao. M'caka ca 2014 mabungwe a Red Cross ndi Médecins Sans Frontières pamodzi ndi anzao anayambitsa nchito yochedwa Missing Maps, yakuti malo oiwalika alembedwe pa mapuwo.

Kagwiridwe kace nkotere. Makina oyenda m'mlengalenga ochedwa setilaiti amajambula dziko kucokera kumwamba. Cithunzico cimadulidwa m'tizigawo, ndipo munthu wodzipereka, kaya ali ku Lusaka kaya ku London, amatenga kacigawo kamodzi ndi kulemba mzere kuzungulira denga liri lonse limene aliona. Wina wozolowera nchitoyo amabwera pambuyo kudzaona ngati mnzaceyo walemba bwino. Kufikira pamenepa palibe cobvuta kweni-kweni. Bvuto limayamba pamene afunsidwa kuti anene kuti dengalo ndi la ciani.

Tsono taonani bwalo limodzi la m'mudzi wa ku Katete monga momwe mlendo woyenda pansi amalionera. Pakati pali nyumba yaikulu ya njerwa zoocha, ya malata, imene inamangidwa ndi ndalama za thonje. Pambali pace pali khichini ya udzu, yakuda ndi mwaye. Kuseri kuli kuka, nyumba ya agogo akazi, mmene adzukulu amagona. Capatali pang'ono pali gowelo, kanyumba kamene anyamata anadzimangira okha atasinkhuka, kopendekera mbali imodzi, citseko cace ca bango. Ndiye pali nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi, yokhazikidwa pa miyala ndi mitanda kuopa ciswe, ndi kankhokwe kena komata ka nshawa. Pali khola la mbuzi, khola la nkhumba, khola la nkhunda pamwamba pa mitengo, cimbudzi kumapeto kwa bwalo, ndi bafa ya udzu yopanda denga. Kwa mlimi wa fodya kuli cigafa cacitali. Ku dimba kuli msasa wolindiramo mbuzi ndi ng'ombe za eni ace. Mwana wa zaka zisanu wa m'mudzimo angathe kuchula zonsezi osaphonya ngakhale cimodzi.

Kucokera kumwamba, zambiri mwa izi ndi tizinthu tozungulira totuwa, tofanana ngati mazira a nkhanga. Gowelo ndi nkhokwe yaikulu zimasiyana pang'ono cabe pa cithunzi. Culu cimaoneka ngati nyumba, mulu wa udzu wofolerera cimodzi-modzi, ndipo mtengo wa mango wa mthunzi wabwino, umene mudzi uli wonse umanyadira, umabisa kanyumba konse kamene kali pansi pace. Olemba mapu amaphunzitsidwa kuyang'ana mthunzi wa cinthuco ndi tinjira tolowera pakhomo, koma cithunzi sicinena amene amagona m'katimo. Ngakhale nyengo imasokoneza. Nkhokwe yojambulidwa mwezi wa June, denga lace litacotsedwa kuti athiremo cimanga, imaoneka mosiyana ndi nkhokwe yomweyo yojambulidwa m'dzinja itafoleredwa.

Mau amene mapuwo amasiyanitsira zomanga ndi a Cingerezi, ndipo anabadwira ku maiko kumene kulibe gowelo. Pali mau akuti house, kunena nyumba yokhalamo banja, ndi mau akuti hut, kunena kanyumba kacabe-cabe. Palinso mau a sukulu, a chalichi, a cipatala, a cimbudzi, ndi a denga lopanda zipupa. Tsono nyumba yozungulira ya udzu, yomata bwino, yozira mlungu uli wonse, mmene mai analereramo ana asanu ndi atatu, ichedwe ciani? Ena amati ndi hut cifukwa ndi ya dothi ndi udzu. Ena amakana, nanena kuti nyumba imadziwika ndi nchito yace, osati ndi cimene anamangira. Aciwiriwa akunena zoona, pakuti kucha nyumba ya munthu kanyumba kacabe-cabe cifukwa ca udzu ndiko kuweruza ndi maso a mlendo. Pothawa mkangano, olemba ambiri amangoika mau akuti yes, ndiko kunena kuti pano pali comanga koma mtundu wace sudziwika. Uku nkuona mtima ndithu, ndipo kuli bwino koposa kulota, koma kumasiya funso lija liri ciimire.

Wina angafunse kuti, nanga zimenezi ziri ndi kanthu kanji kwa mlimi wa ku Katete? Yankho liri pa malungo. Udzudzu wopatsa malungo umaluma maka-maka usiku, ndipo ukakhuta umatera pa cipupa ca m'nyumba kuti upumule. Ndico cifukwa cace a zaumoyo amapopera mankhwala m'zipupa za m'kati mvula isanayambe. Nyumba zoyenera kupoperedwa ndi zogonamo anthu. M'nkhokwe sapoperamo, pakuti muli cakudya. Kotero asanagule mankhwala ndi kulemba anthu opopera, akulu a nchitoyo ayenera kudziwa kuculuka kwa nyumba zogonamo m'dera liri lonse. Akawerenga nkhokwe ndi makola ngati nyumba, mankhwala amapita oculuka kumene safunika. Akayesa gowelo nkhokwe, ndiye kuti anyamata anai kapena asanu agona dzinja lonse m'zipupa zosapopera.

Kuno ku Zambia njira yowerengera nyumba pa zithunzi za setilaiti pokonzekera kupopera inayesedwa ku Luapula m'caka ca 2014 ndi bungwe la Akros la ku Lusaka pamodzi ndi a zaumoyo, ndipo m'caka ca 2017 inagwiritsidwa nchito m'maboma ena a Cigawo ca Kum'mawa. Mtsogoleri wa gulu la opopera ankayenda ndi foni yoonetsa madenga onse a m'mudzi, ndipo pa denga liri lonse ankalemba ngati apoperamo, ngati sanapoperemo, kapena ngati cinthuco sicinali nyumba yogonamo konse. Motero cimene munthu wakutali anangociona ngati kadontho cinkalandira dzina lace pakhomo pomwepo.

Komabe ngakhale munthu woima pakhomo angathe kunyengedwa ngati safunsa. Khichini ndi yophikira, inde, koma m'miyezi yozizira ya June ndi July nkhalamba zambiri zimakonda kugona pafupi ndi moto, ndipo alendo akaculuka pa maliro kapena pa cinamwali, ana amasamutsidwira komweko. Nyumba ya malata yooneka bwino ingakhale yotseka caka conse cifukwa mwini wace ali ku Lusaka pa nchito. Nyumba ina, mwini atamwalira, imasiyidwa kapena kugwetsedwa monga mwa mwambo wa makolo, koma pa cithunzi ca zaka zitatu zapitazo idakaimabe. Mudzi wathunthu ungasamuke, nutsala bwinja, mapu ali kunenabe kuti pali anthu.

Ndiponso mudzi wa Acewa suleka kumanga. Mwezi wa September ndi October, udzu utamwetedwa ndipo njerwa zitapsa, mkamwini watsopano amaimika nyumba pafupi ndi apongozi ace, mnyamata amene caka catha ankagona kwa agogo amadzika mitengo ya gowelo lace, ndipo nkhokwe yakale imasanduka khola la nkhuku. Ndi nyengo yomweyonso imene opopera amayamba kuyenda m'midzi. Akafika, amayamba aonekera kwa a mfumu, ndipo pambuyo pace mai wa pakhomo, atatulutsa ufa, madzi ndi ziwiya panja, ndiye amawalozera kuti umu mugona anyamata, umu muli nshawa, ndipo kanyumba kaja ka pansi pa mango, kamene pa foni sikaoneka, mugona agogo.