Khobwe wa Kuseri kwa Nyumba

Abale, pali mbewu ina imene ambiri aipeputsa, ndiyo khobwe. Ifenso m'nyumba mwathu tinali kuinyoza, pakuti mitima yathu inali pa chimanga chokha. Koma chaka china mvula inaleka pakati pa mwezi wa Januwale, chimanga chinafota m'munda, ndipo m'nkhokwe munatsala zitsononkho zokhazokha. Pamenepo chotisunga chinali kamunda ka khobwe kamene amayi anabzala kuseri kwa nyumba, ife tilikuwaseka.

Taonani makhalidwe a mbewu imeneyi. Ipirira dzuwa koposa nyemba, pakuti muzu wake utsika pansi kukafuna chinyontho, ndipo ikula ngakhale pa nthaka yamchenga. Chimene idana nacho ndi malo odikha madzi. Atapita masabata 4, masamba ake, ndiwo chitambe, ayamba kuthyoledwa, ndipo mitundu yofulumira icha pa miyezi 2 kapena 3, nthawi imene njala iluma koposa. Ndiponso pa mizu yake pali timatuza, m'mene mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, totenga chakudya cha mbewu mumpweya. Chifukwa chake nthaka imene munali khobwe itsala yachonde.

Amayi anatiphunzitsa kuponya njere ziwiri kapena zitatu paphando, osazikwirira mozama, ndi kuthyola masamba anthete pang'onopang'ono, pakuti wopulula onse sadzaona makoko. Chitambe chotsala anachifutsa, nachiyanika, nachimanga m'zikwatu, kuti tikhale ndi ndiwo m'chilimwe.

Komatu tiulule kupusa kwathu. Titakolola, tinasiya mbewu m'dengu losavundikira, ndipo pofika dzinja anankafumbwe anali ataiboola yonse, kotero kuti tinapita ndi manyazi kukapempha kwa anansi. Kuyambira pomwepo tiiyanika kufikira italimba pa dzino, tiisakaniza ndi phulusa, ndi kuitsekera mumtsuko womata pakamwa.

Akulu anatisimbira za njala ya 1949, ndipo ya 2002 ambiri a ife tinaiona ndi maso. Mvula siuza munthu tsiku limene idzaleka. Tsono, abale, pogawa malo chaka chino, musaiwale mizere iwiri kapena itatu ya khobwe pafupi ndi nyumba. Ndipo amene ali ndi mbewu yambiri apatseko mnzake wopanda, monga anansi athu anatichitira ife.