Thirakitala ya kwa Mphuka imasankhidwa ndi msewu

Ntchito yanga ndi kuyendetsa ndi kukonza mathirakitala. Ndinaiphunzira pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kuyambira pansi penipeni: kumanga ndi kumasula ngolo, kupaka girizi, kutsuka zosefera mpweya, mpaka akapitawo atakhutira n'kundilola kugwira chiwongolero. Masiku ano ndili ndi yangayanga. Imayenda m'midzi ya kwa Mphuka kututa katundu wa anthu omanga nyumba, kusalaza malo, ndi kulima pamene pali polimika. N'chifukwa chake anthu amene apeza kangachepe, ena opuma pa ntchito, ena ana athu amene ali ku Joni, amadzandifunsa nzeru asanagule yawo. Funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, ndigule ya mahosipawa angati?" Ine ndimabweza funso linzake: "Bambo, msewu wopita kwanu umakhala wotani mu Januwale?"

Sikuti ndimazemba ayi. Munthu wofuna thirakitala amakhala akuona m'maganizo mwake munda waukulu wosalala wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, pulawo ikutembenuza nthaka mpaka kumene maso alekezera. Kwathu kuno zimenezo kulibe. Malo otambalala anapita kalekale ku minda ya tiyi. Satemwa inayamba mu 1923, ndipo Conforzi, Naming'omba ndi Makandi ndi mayina amene agogo athu anawadziwa asanabadwe makolo athu. Anthu, amene pa kalembera wa 2018 anaposa 700,000 m'boma lino, anatsalira m'mitsetse ndi m'mphepete mwa phiri la Thyolo. Munda wa banja ndi kachigamba kopendekeka, kawirikawiri kosakwana ekala, ndipo m'menemo muli chimanga, nandolo, chinangwa, mtengo wa mapeyala, phata la nthochi limene linapulumuka ku chisaka, kwinaku mizere ingapo ya tiyi. Thirakitala ikalowamo, isanawongoke n'komwe yafika kale m'malire. Wogula kuti azidyera kulima kokha adzaiimika pansi pa mtengo pafupifupi chaka chonse.

Taonani zimene mathirakitala a pa esiteti amachita. Tiyi salimidwa ndi pulawo chaka ndi chaka. Ntchito yawo ndi kukoka: masamba kuchokera posikelira kupita ku fakitale asanapse, nkhuni za bulugama zokolezera moto woumitsira tiyi, feteleza, madzi. Kumudzi nakonso n'chimodzimodzi. Chimene chimadyetsa thirakitala kwa Mphuka ndi ngolo. Lole ya mchenga imathera pamene msewu wabwino wathera, ndipo kuchokera pamenepo amayi ndi ana amasenza pamutu, ndowa imodziimodzi, kukwera chitunda. Ntchito imene ndimailemekeza koposa ndi yotula anthuwo mtolo umenewu.

Choncho ngolo muisankhe mosamala kuposa thirakitala yomwe. Ikhale ya matayala awiri, chifukwa yotere imatsamira pa thirakitala, kulemera kwake n'kupanikiza matayala akumbuyo kuti agwire nthaka. Ya matayala anayi imanyamula zambiri, koma pa katondo wonyowa thirakitala imangopalasa pamodzimodzi. Ikhale yokhuthula yokha ngati ndalama zilola, ndipo isapose matani atatu. Matani atatu ndi ochepa kuposa mmene anthu amaganizira: njerwa zowotcha 1,000 zafika kale pamenepo, matumba a simenti 60 ndi omwewo, mchenga wonyowa wa kumtsinje umawakwanitsa ngolo isanadzaze n'komwe. Mabuloko a simenti, amene achuluka chiyambire 2018 pamene boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, amanyenga maso kwambiri. Aoneka ochepa m'ngolo koma akulemera koopsa. Mwini nyumba amachonderera kuti, "Onjezaniko pang'ono achimwene, tisabwererenso." Ndimakana mwaulemu, chifukwa thirakitala yaing'ono payokha sikwana matani awiri, ndipo potsika phiri katundu wolemera kuposa iyo ndiye amakhala dalaivala.

Kutsika ndiye ntchito yeniyeni, osati kukwera. Chiperoni chikagwa masiku angapo, katondo wa kuno amachita nyezinyezi, kuterera ngati therere. Ndikafika pamwamba pa mtsetse ndimaima kaye. Ndimayang'ana ngati zopondera ziwiri za mabuleki zili zokolowekana, chifukwa kuponda imodzi yokha kumatembenuza thirakitala mwadzidzidzi. Ndimalowetsa giya yomwe ndikanakwerera phirilo, n'kuchotsa phazi pa kilatchi, ndipo sindiyandikizanso mpaka pansi. Injini imalira mokweza, ngolo imakankha pa chikoloweko, umaimva m'chiuno ikukukankha, koma matayala amaluma nthaka pang'onopang'ono. Anyamata amene amatsika giya ili pa fili kuti asunge mafuta akusewera ndi moyo wawo ndi wa ana amene amathamangira m'mbali mwa msewu. Ngolo iliyonse imene ndimakoka ili ndi mabuleki akeake, ndipo pa ngolo yodzaza sindikweza munthu, ngakhale mwini katundu.

Tsopano za kukula kwa thirakitala. Ya mahosipawa 45 mpaka 50 ndi yokwanira. Imalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, imatembenuka pabwalo, imawoloka timilatho ta mitengo, ndipo siimwa dizilo wambiri. Ambiri a ife tinakulira pa Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ndipo zina zikugwirabe ntchito mpaka lero. Mng'ono wake ndi 240, imene imapangidwanso ku Pakistan. Zonsezi zili ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu, yosavuta, imene makaniko wa pa Thyolo boma, pa Bvumbwe kapena pa Luchenza amaidziwa mkati ndi kunja. Zipangizo zake zimapezeka ku Limbe ndi ku Blantyre, kumene kulinso a Farming and Engineering Services ogulitsa mtundu umenewu. Sindikunena kuti mitundu ina ndi yoipa. Za ku India ziliponso zolimba. Ndikunena kuti musanalipire, pitani m'masitolo mukafunse pampu ya madzi, mbale ya kilatchi ndi zosefera mafuta za mtundu umene mwaukondawo. Akakuuzani kuti aitanitsa kunja, musagule. Chimodzimodzi zija zodzaza mawaya ndi kompyuta: kawaya kamodzi kakadyedwa ndi khoswe, thirakitala yonse imagona mpaka abwere munthu wa makina ake kuchokera kutali.

Yokoka ndi matayala onse anayi ndi yabwino m'mapiri, ndipo amene angathe aigule, chifukwa imagwira nthaka ndi kutsogolo komwe. Koma mtengo wake ndi wokwera, kukonza kwakenso n'kodula. Yokoka ndi matayala awiri akumbuyo imagwira ntchito bwinobwino ngati mwaikonzekeretsa: kutalikitsa matayala akumbuyo kuti itambalale, kuthira madzi m'matayalawo kuti ilemere pansi, kupachika zitsulo kutsogolo kuti isadzuke pokwera. Ikhalenso ndi chitsulo chopindika chija chodutsa pamwamba pa mpando, choteteza dalaivala ikagubuduka, pamodzi ndi lamba wake. Ena amachichotsa kuti azidutsa pansi pa mitengo. Dulani nthambi, chitsulocho chisiyeni. Kathirakitala koyenda nako pansi, ka matayala awiri okha, n'kabwino m'madimba ndi m'minda ya mpunga ya kuchigwa monga ku Muona, koma kukamangirira ngolo pa mitsetse yathu ndi kuitana ngozi.

Ambiri amagula yogwirapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma penti asakutengeni mtima. Uzani wogulitsa kuti asailize inu musanafike, ndipo mufike m'mamawa. Gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, pali chimene akubisa. Yabwino imalira msanga ili yozizira, utsi wakuda pang'ono kenako n'kuyera. Utsi wabuluu wosatha ndi oyilo amene akupsa. Sololani kandodo koyezera oyilo: akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, madzi alowa mu injini. Tsegulani chivundikiro cha rediyeta injini ikulira ikadali yozizira, muone ngati madzi akutulutsa thovu. Kolowekani pulawo kumbuyo, muikweze, muzimitse injini, mudikire. Ikayamba kutsika yokha, haidiroliki yatopa. Gwedezani chiwongolero, yesani buleki iliyonse payokha, yesani chopondera chomanga matayala akumbuyo kuti azizungulira pamodzi, chifukwa n'chimene chidzakutulutseni m'matope. Matayala akumbuyo muwayang'ane kawiri, popeza awiri atsopano amadya ndalama zochuluka zedi. Mapepala ake akhale olongosoka. Safunsa anadya phula: tengani makaniko wanu, mumulipire tsiku lake.

Pambuyo pa ngolo, chida chachiwiri ndi chimpeni chosalazira chimene chimakolowekedwa kumbuyo. Ndi chimenechi ndimasalaza malo a nyumba, kukwirira maenje a njerwa ndi kutsegula ngalande za msewu mvula isanagwe. Chachitatu ndi thanki ya madzi ya malita 1,000 kapena 2,000 yoikidwa pa matayala, chifukwa nyumba imamwa madzi kuyambira pa maziko mpaka pa pulasitala, ndipo nthawi yomanga ndi chilimwe pamene zitsime zaphwa. Pulawo ibwere pambuyo pa zonsezi, ya mbale ziwiri, popeza ya mbale imagubuduka pamwamba pa miyala ndi mizu pamene ya khasu imakodwa. Chopangira mizere chichunidwe pa masentimita 75 monga alangizi amanenera. Ndipo polima ndimatsata akalozera, mopingasa mtsetse, vetiva osamukhudza. Pamene papendekeka kwambiri sindilowapo. Khasu ndilo loyenera pamenepo, ndipo palibe manyazi. Chifosholo chonyamulira cha kutsogolo anthu amachisirira, koma pa thirakitala yaing'ono chimathyola zitsulo zakutsogolo ndi kupepula matayala akumbuyo. Ndalama yake mulembere anyamata a mafosholo, apezeko ya sopo.

Pa zosalaza malo ndili ndi mawu amene si onse amawakonda. Chimpeni chimadula phiri mosavuta, tsiku limodzi malo aoneka okongola. Koma dothi lodulidwa kumtunda n'kukankhidwira kumunsi silinagwirane, ndipo maziko oikidwa pamenepo amang'aluka. Nyumba ikhale pa nthaka yolimba imene yadulidwayo, khoma la dothi kumbuyo kwake likhale lopendekeka osati loima chilili, ndipo pamwamba pake pakhale ngalande yopatutsa madzi. Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, mapiri atasungunuka n'kukwirira mabanja ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ndipo Thyolo sanasiyidwe. Munthu akandiitana kuti ndikadule patsinde pa phompho kapena m'njira ya madzi, ndimamuuza kuti, "Bambo, ndalama yanu ndikuifuna, koma pano sindidula." Ena amakwiya n'kukafuna wina. Ena amamva, timayenda limodzi kufuna malo ena m'munda womwewo.

Mtima umandipweteka ndikakumbukira mathirakitala 177 amene boma linagula ndi ngongole ya ku India, amene lipoti la a Martha Chizuma la 2016, ali Ombudsman, linaonetsa kuti ambiri sanafike kwa alimi ang'onoang'ono amene anawagulira. Imodzi yokha mwa amenewo, ili ndi ngolo yake, ikanatumikira midzi ingapo ya kuno: masamba a alimi a tiyi m'mawa, manyowa a ng'ombe zamkaka masana, mchenga wa sukulu madzulo. Banja limodzi silingaipezere ntchito yokwanira, koma gulu lingathe, likakhala ndi dalaivala mmodzi wodziwika, buku lolembamo maola ndi mafuta, ndi thumba la zokonzera limene silibwerekedwa ngakhale pa maliro.

Inu amene muli kutali ndipo mukufuna kutumiza ndalama kuti abale akugulireni thirakitala, dikirani kaye. Bwerani nthawi ya dzinja, muyende wapansi kuchokera pa tala mpaka pakhomo panu, muone zitunda, timilatho ndi pamene madzi amadula msewu. Muwerenge nyumba zimene zikumangidwa m'midzi yoyandikana nanu. Mukatero, muyambe mwagula ngolo ya mabuleki, kenako mufune thirakitala yaing'ono yoti iikoke.