Mu hammock, mphepo imalowera kumsana

Tsiku limene ndinabwera ndi hammock yanga yoyamba, ambuya anandiyang'ana ndikuimanga pakati pa mtengo wa mango ndi nsanamira ya khonde, kenaka anafunsa kuti, "Machila amenewa adzakunyamula ndani?" Iwo ankakumbukira nkhani za makolo awo, za nthawi ya atsamunda, pamene mabwana a boma ankayenda atagona pansalu yomangirira ku mtengo wautali, amuna akusinthana kuusenza pamapewa. Ndinawayankha kuti machila angawa ndimasenza ndekha m'chikwama, ndipo kulemera kwake sikufika kilo imodzi. Anaseka, nati ana a masiku ano tili ndi mabedi koma tikufuna kugona ngati mileme.

Ndinaigula chifukwa ndinatopa ndi tenti. Amene munayendapo ulendo wapansi wogona kutchire mukudziwa mmene tenti yotchipa imalemerera, ndiponso mmene kupeza malo osalala, opanda miyala ndi ziputu, kumavutira dzuwa likamalowa. Pansi palinso linthumbu ndi zinkhanira. Koma m'nkhalango zathu za miombo mitengo ili paliponse. Ndinawerengaponso kuti Azungu anaiona hammock kwa anthu a mtundu wa Taíno, kuzilumba za Caribbean, pamene Columbus anafika kumeneko mu 1492. Ndinangoti nkhani yosangalatsa. Sindinaganizepo kuti chinthu chochokera kudziko lotentha chotero chinapangidwa kuti munthu azimva kamphepo akagona.

Pa tchuthi cha Heroes ndi Unity, kuchiyambi kwa Julayi, ndinatenga mwana wa alongo anga, mnyamata wa zaka 15, kupita naye ku mathithi a Kundalila. Amayi ake anavomera monyinyirika. "Undibwezere mwana wanga mmene wam'tengera," anatero. Tinakwera basi ku Intercity mbandakucha, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi ndi Serenje, n'kutsikira pa Kanona. Kuchoka pa Great North Road tinayenda pansi makilomita oposa 10, mpaka pamene mtsinje wa Kaombe umagwa mamita pafupifupi 70 m'mphepete mwa mapiri a Muchinga. Tinafika dzuwa lili pafupi kulowa.

Monga malume wabwino, ndinam'patsa zabwino zonse: hammock ndi sleeping bag yanga yokhuthala. Ine ndinagona pansi, pakamatilesi kopyapyala ka siponji yolimba, n'kufunda bulangete. Mumtima ndinkadziyamikira kuti ndadzimana.

Cha m'ma 02:00 ndinadzidzimuka ndi phokoso la zingwe zikugwedezeka. Ndinafunsa kuti, "Iwe, uli bwino?"

"Nili chabe bwino, amalume," anayankha, koma mano akugundana.

Ndinayatsa tochi n'kumukhudza. Pachifuwa panali pofunda. Nditapisa dzanja pansi pa hammock n'kukhudza msana wake kudzera pansalu, unali wozizira ngati botolo lochoka mu fuliji. Anali m'maso kuyambira cha m'ma 23:00, akuopa kundidzutsa, akuopanso kuoneka wamantha. "Nimvela mphepo kumsana chabe," anatero. Ndinamutsitsa, kumuveka chisoti ndi jekete yanga, kumukhazika pakamatilesi kaja, kukolezanso moto ndi kumuphikira tiyi wa shuga wambiri. Panapita nthawi yaitali asanasiye kunjenjemera. Ine ndinakhala ndikumufunsa mafunso opanda pake, maina a anzake a m'kalasi ndi osewera a Chipolopolo, kuti ndimve ngati akuyankha bwino. Kutentha kwa thupi kukatsika kupyola madigiri 35, munthu amayamba kusokonezeka ndi kulankhula mokoka lilime, ndipo akasiya kunjenjemera koma adakali wozizira, zinthu zafika poipa. Tinalibe galimoto, ndipo msewu waukulu unali kutali maola atatu.

Chinandidabwitsa n'chakuti ine, amene ndinagona pansi ndi bulangete wamba, ndinali wofunda. Nditabwerera ku Lusaka ndinafufuza chifukwa chake, ndipo n'chosavuta. Chofunda sichipanga kutentha. Kutentha kumachokera m'thupi, ndipo ntchito ya chofunda ndi kusunga mpweya wosayenda pafupi ndi khungu. Sleeping bag imafunda chifukwa ndi yofufuma. Mbali imene waigonera imafinyika, mpweya umathawamo, ndipo imatsala ngati chitenje. Pansi, kamatilesi kamatseka mpata umenewo. Mu hammock, pansi pa msana pali nsalu yopyapyala ya nayiloni basi, ndipo mpweya wozizira umadutsa kunsi kwake usiku wonse, kuchotsa kutentha kulikonse kumene thupi latulutsa. Ozolowera kugona mu hammock amayamba kuumva msana kuzizira kunja kukangotsika kufika cha m'ma digiri 20. Usiku wa Juni ndi Julayi, ngakhale mu Lusaka momwe, kumatsika kupyola 10. Ife tinaonjezera vuto pomanga pafupi ndi madzi chifukwa malowo anali okongola, pamene mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsikira m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje.

Choncho amene mufuna kugula hammock, yambani mwaganiza za chimene chidzakhale pansi pa msana wanu. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kuyala kamatilesi mkati mwa hammock. Ka siponji yolimba n'kotchipa, sikaphulika, sikamwa madzi, ndipo mukasowa mitengo mumagonera komweko pansi. Opanga amalembapo nambala yotchedwa R-value, yosonyeza mmene kamatchingira kuzizira. Ka siponji wamba kamakhala cha m'ma 2, ndipo mukasanjikiza tiwiri manambalawo amaphatikizana. Vuto lake n'lakuti kamaterereka mukamatembenuka, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 50 okha, pamene hammock imakukuta mpaka m'mapewa ndi m'chiuno. Malo amenewo amazizira. Hammock ya nsalu ziwiri imathandiza, chifukwa kamatilesi mumakalowetsa pakati pake n'kukhazikika. M'mapewa mungatsekemo ndi juzi kapena tizidutswa ta siponji.

Yachiwiri ndi underquilt, chofunda chimene chimapachikidwa kunja, kunsi kwa hammock. Popeza simuchigonera, sichifinyika. Ndicho chimagonetsa bwino koposa, koma chofunika n'chakuti chikhudze hammock paliponse. Pakatsala mpata wolowa dzanja, mphepo idutsa pomwepo. Chikathina kwambiri, chimafinyika n'kusiya kugwira ntchito. Mukagona pansi chilibe phindu, ndipo zogula kale zambiri n'zoitanitsa kunja, mtengo wake wosayenera thumba langa.

Changa ndinapanga. Ndinagula sleeping bag yakale ya makona anayi pa salaula, n'kupita nayo kwa telala wa pamsika. Anachotsa zipi, kuidula kuti ikhale mamita 1.8 m'litali ndi kupitirira pang'ono mita imodzi m'lifupi, n'kupinda m'mbali zonse zinayi kuti mudutse chingwe chotamuka. Poyamba ndinkakokera ndi malegeni, ndipo anagwira ntchito. Posankha pa salaula, ikwezeni kudzuwa kuti muone malo amene zamkati zinatha, ndipo ifinyeni m'manja muone ngati ifufumanso msanga. Ikangokhala phwata, isiyeni.

Zamkati zili mitundu iwiri. Nthenga zofewa za abakha kapena atsekwe n'zopepuka ndipo zimapindika pang'ono m'chikwama, koma zikanyowa zimamatana, kufunda kumatha, ndipo zimachedwa kuuma. Ulusi wa kufakitale ndi wolemererapo ndipo umadya malo, koma umapirira chinyezi ndipo ndi wotchipa. Chofunda cha kunsi chimakumana ndi mame ndi madzi othovuka pansi mvula ikamagwa, choncho kwa woyamba ndinganene kuti atenge cha ulusi. Pa sleeping bag zambiri pamalembedwa manambala atatu: comfort, limit ndi extreme. Yang'anani yoyambayo. Ya extreme imangotanthauza kuti mwina mupulumuka, osati mugona. Ine ndimasankha yotsika ndi madigiri asanu kuposa usiku umene ndikuyembekezera, makamaka ngati ndi yakale.

Pamwamba sipavuta. Kulowa mu sleeping bag uli mu hammock ndi nkhondo, ndiye ndimaitsegula zipi mpaka cha m'maondo, kulowetsa mapazi kothera kwake, n'kufunda yotsalayo ngati bulangete. Chisoti cha ubweya, masokosi ouma osungira usiku okha, ndi kudya mokwanira musanagone zimathandiza kuposa mmene zimaonekera.

Hammock yeniyeniyo ikhale yaitali. Yanga yoyamba inali yaifupi, ndipo ndinkadzuka nditapindika ngati nthochi. Munthu wamkulu amafunika ya mamita atatu kapena kupitirirapo, kuti azigona mopingasa pang'ono, mutu mbali ina, mapazi mbali ina, ndipo msana umawongoka. Sankhani mitengo yamoyo yotalikirana mamita anayi kapena asanu. Musakoke kuti igwe ndi, ngati waya woyanikapo zovala. Zingwe zitsike mopendekera, pafupifupi madigiri 30, chifukwa mukakoka kwambiri mphamvu yokoka mitengo ndi zingwe imachuluka kuposa kulemera kwanu. Mukakhalamo, matako akhale pa msinkhu wa mpando, kuti chikaduka chinachake musagwere patali. Pamtengo zengani lamba wa m'lifupi masentimita 2.5 kapena kuposa. Khungwa la miombo ndi limene timasendako luzi, ndipo chingwe chopyapyala chimalicheka n'kuvulaza mtengo. Musanamange, yang'anani m'mwamba ngati muli nthambi zouma.

Neti musaisiye. Malungo sadziwa kuti muli pa tchuthi, ndipo udzudzu umaluma kudzera pansalu imodzi ya hammock, kumsana komwe neti safika. Apanso chofunda cha kunsi kapena kamatilesi zimakutetezani. Pamwamba pafunika lona wopepuka, ngakhale m'chilimwe. Mukam'tsitsa kumbali kumene mphepo ikuchokera, amatchinga mphepoyo isadutse kunsi kwanu, komanso amasunga mame.

Ndinene zoona pa nkhani ya kulemera. Mukaphatikiza hammock, malamba, neti, lona ndi zofunda ziwiri, katunduyo amayandikira wa tenti yaing'ono. Phindu lenileni ndi tulo tabwino ndi ufulu womanga pamiyala, potsetsereka kapena ponyowa. Kumene kulibe mitengo, monga m'madambo ndi pamwamba pa Nyika pamene pali udzu wokhawokha, tengani tenti. Kumene kuli njovu, afisi ndi mikango, mverani zimene oyang'anira nyama akuuzani za malo ogona. Ine kamatilesi kaja ndimakanyamulabe ulendo uliwonse, chifukwa ndi kamene kanatipulumutsa ku Kundalila.

Nkhani ija sinabisike. Tisanatule n'komwe zikwama, mnyamata anali atauza kale amayi ake kuti amalume anam'goneka mu fuliji. Alongo anga sanakweze mawu. Anangoti ulendo wina kulibe mpaka aone ndi maso awo kuti zinthu zanga zimagwira ntchito. Anali ndi chifukwa, pakuti ndinatenga mwana wa eni kukayesera zinthu zimene ine mwini ndinali ndisanagonemo usiku wozizira.

Juni wotsatira tinamanga hammock pamtengo wa mango uja, chofunda cha salaula chili kunsi, chitseko cha kukhitchini chosakhoma kuti akazizidwa alowe. Ndinamuuza kuti akangomva mphepo andidzutse, ndipo kunena kuti wazizidwa si mantha. Ine ndi amene sindinagone, ndinatuluka katatu kukam'suzumira. M'mawa ambuya anatuluka atafunda bulangete, napisa dzanja pakati pa hammock ndi chofundacho, mnyamata akuliza mkonono.

"Machila ake afunda," anatero. "Kauze amake."