Nyumba ya Mfumukazi Titania

Ana a mitundu yonse ya anthu amakonda kuseŵera ndi tinthu tating'ono tofanana ndi zinthu zenizeni za akuluakulu. Muno m'Malaŵi atsikana amachita masanje, naphika m'timiphika tadothi, ena nabereka chitsononkho kumbuyo ngati mwana. Anyamata amaumba ng'ombe zadothi kudambo, kapena kupinda waya ndi kupanga galimoto. Ku maiko a ku Ulaya nakonso ana amaseŵera ndi zidole, koma ambiri a iwo amazimangiranso kanyumba kokhala ndi tizipinda, timipando, timabedi ndi timbale. Kumeneko ntchito yomanga ndi kukongoletsa tinyumba totere si ya ana okha ayi. Alipo akuluakulu ena amene adathera zaka zambiri pa ntchito imeneyi, ndipo mmodzi wa iwo adali Sir Nevile Wilkinson.

M'nthano za ku Ulaya mumamveka tianthu tina tating'ono tokhala ndi mapiko onga a gulugufe. Angerezi amatitcha fairy. Akuti timakhala m'nkhalango, m'maluŵa ndi kunsi kwa mizu ya mitengo, ndipo timabisala munthu akamayandikira. Tianthu timeneti n'ta m'nthano chabe, monga Kalulu wolankhula wa m'nthano za ku Malaŵi, koma ana amasangalala kumva za ito. Mlembi wotchuka wa ku Mangalande, William Shakespeare, adalemba seŵero lina m'mene adatchula mfumukazi ya tianthu tamapikoti kuti Titania, ndipo mfumu yake adaitcha Oberon.

A Wilkinson adabadwa m'chaka cha 1869. Adali msilikali wa Britain, ndipo adamenya nawo nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa. Komanso adali ndi luso lojambula. Atakwatira adakakhala ku Mount Merrion, pafupi ndi mzinda wa Dublin, m'dziko la Ireland. M'chaka cha 1908 adaŵapatsa udindo woyang'anira zizindikiro za mabanja otchuka a m'dzikomo, ntchito yofuna maso akuthwa ndi dzanja losanjenjemera.

Tsiku lina m'chaka cha 1907, mwana wawo wamkazi, dzina lake Guendolen, amene adali ndi zaka zitatu, adauza atate ake kuti waona kamunthu kamapiko kakuloŵa kunsi kwa mizu ya mtengo wina pafupi ndi nyumba yawo. Makolo ambiri akadangoseka, kapena akadamdzudzula mwanayo kuti aleke kubwebweta. A Wilkinson sadatero. Adamvetsera mawu a mwana wawo, ndipo adatsimikiza mtima kuti amangire mfumukazi Titania nyumba yoyenera ufumu wake, kuti asamakhalenso m'mdima kunsi kwa nthaka.

Kuganiza chinthu n'kwapafupi, koma kuchichita n'kwina. Ntchito yoyamba idali kusankha muyeso. Amisiri a tinyumba ta zidole ali ndi lamulo limene amalitsata kwambiri: chinthu chimene m'nyumba yeniyeni n'chotalika mainchi 12, m'kanyumba ka zidole chikhale chotalika inchi imodzi. Motero chitseko cha mainchi 84 chimasanduka kachitseko ka mainchi 7, mpando wa mainchi 36 umasanduka kampando ka mainchi atatu, ndipo munthu wamtali mainchi 72 amasanduka kachidole ka mainchi 6, kosapitirira dzanja la munthu wamkulu. Lamulo limeneli ndilo mtima wa ntchito yonse. Mmisiri akalakwitsa muyeso, kasupuni kamaposa kambale, kabedi kamalephera kuloŵa pakhomo, ndipo woonerera amazindikira msanga kuti chinthucho n'chongopeka. Koma muyeso ukalondola ponseponse, diso limanyengeka, munthu namaona ngati akusuzumira m'nyumba yeniyeni imene eni ake angotuluka kumene.

A Wilkinson adajambula mapulani, ndipo ntchito yopala matabwa adaipereka kwa James Hicks, kalipentala wodziŵika wa ku Dublin, pamodzi ndi amisiri ake. Amisiriwo adazoloŵera kupanga mipando ndi matebulo a m'nyumba za anthu olemera. Tsono adayenera kupanga zinthu zomwezo, ndi ulemu womwewo, koma zochepa kwambiri. Adasema timipando ta mtengo wa mahogany, wofanana ndi mbaŵa, nalumikiza timiyendo take monga amachitira ndi mipando yaikulu. Pa ntchito yotere mpeni ukangoterereka pang'ono, thukuta la masiku ambiri lapita pachabe.

Ntchito yokongoletsa makoma, pansi ndi kudenga a Wilkinson adaigwira ndi manja awo. Ankajambula ndi kaburashi kosongoka, naika timadontho tambirimbiri ta utoto, kadontho pambali pa kanzake, akuyang'ana pa galasi lokuza zinthu. Woona patali ankayesa kuti makomawo adayalidwa ndi timiyala ta maŵanga. Kachigawo kochepa, kongokwana kuphimba ndi chala, kankatha kudya nthaŵi yaitali. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekha kudali kofunika kuposa mphamvu.

Nyumbayo itatha idali ndi zipinda 18, zozungulira kabwalo kapakati. Mudali chipinda cha mpando wachifumu, chipinda chopemphereramo, chipinda chodyera, chipinda choŵerengeramo mfumu Oberon, ndi zipinda zogona. M'zipindazo adaikamo tinthu pafupifupi 3,000, tina topangidwa ndi amisiri a nthaŵi imeneyo, tina takalekale totoleredwa ku maiko osiyanasiyana. A Wilkinson sadaiŵale kuti eni nyumbayo ndi a mapiko. N'chifukwa chake m'chipinda cha ana aakazi a mfumukazi adaikamo timakabati tosungiramo mapiko apadera. Pamenepa mpamene pali nzeru ya wokongoletsa kanyumba ka zidole. Iye sangounjika tinthu tokongola ayi, koma amayamba wadzifunsa kuti, kodi wokhala muno ndani, amadya chiyani, amagona pati, ndipo akadzuka amafuna chiyani?

Koma padali chinthu chimodzi chimene mmisiri aliyense sakadatha kuchichepetsa ndi muyeso wake. Chinthucho ndi nthaŵi. Ntchito idakali m'kati, m'chaka cha 1914, kudabuka nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse, ndipo a Wilkinson adabwerera ku usilikali. Nkhondoyo idatha m'chaka cha 1918. Nyumba ya Titania idatsegulidwa m'chaka cha 1922 ndi Mfumukazi Mary ya ku Britain. Kuchokera pa tsiku limene mwana uja adalankhula, padali patapita zaka 15. Guendolen sadalinso kamwana kosuzumira kunsi kwa mitengo. Adali namwali wa zaka 18.

Mwana sadikira kuti atate ake atsirize ntchito. Amakula usiku ndi usana, ndipo zimene zinkamkondweretsa dzana, lero wazisiya. Munthu wina akadaona ngati zaka zonse zija zatayika, popeza mwini mphatso adaipitirira msinkhu. Wina akadaitsekera nyumbayo m'chipinda, kuti aziionetsa kwa alendo olemekezeka okha. A Wilkinson adasankha njira ina. Adaona kuti ngakhale mwana wawo wakula, dziko likadali lodzaza ndi ana, ndipo ambiri a iwo ndi olumala, odwala ndi osoŵa woŵasamala.

Nyumbayo idamangidwa m'zigawo zotheka kuzilumikiza ndi kuzimasula, kotero kuti inkaikidwa m'mabokosi ndi kunyamulidwa pa sitima. Idayenda m'mizinda yambiri ya ku Britain, ndipo idaoloka nyanja kupita ku America, ku Australia ndi ku New Zealand. Kulikonse kumene idafika anthu ankaima pamzere, nalipira kandalama kochepa kuti aione. Ndalamazo zinkapita ku mabungwe othandiza ana ovutika. Motero nyumba yomangidwira tianthu ta m'nthano idathandiza ana enieni, okhala ndi njala yeniyeni ndi matenda enieni. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

A Wilkinson sadali okha pa ntchito yamtunduwu. M'chaka cha 1924 amisiri a ku Britain adatsiriza nyumba ya zidole ya Mfumukazi Mary, imene mapulani ake adajambula ndi Sir Edwin Lutyens. Nyumba imeneyo adaiikira magetsi ndi mipope ya madzi, ndipo ili ndi timabuku timene alembi otchuka adalembamo ndi manja awo. Imasungidwa ku Windsor Castle. Ku America nako, mayi wina wochita zisudzo za kanema, Colleen Moore, adamangitsa nyumba yachifumu ya tianthu tamapiko. Kuyambira m'chaka cha 1935, pa nthaŵi imene dzikolo lidali pa umphaŵi waukulu, adaiyendetsa m'mizinda yambiri, ndipo ndalama zake zidathandizanso ana. Kuyambira m'chaka cha 1949 nyumbayo ili m'nyumba yosungiramo zinthu zochititsa chidwi mu mzinda wa Chicago.

Nyumba zimenezi zidadya chuma chambiri, koma luso lake silifuna chuma. Mpaka lero anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America, ana ndi akuluakulu omwe, amapanga tizidole tamapiko ndi zinthu zotsika mtengo. Amayamba ndi kawaya kofeŵa, nakapinda pakati kuti kapange thupi ndi miyendo, ndipo kawaya kena amakapingasa kuti kakhale manja. Kenaka amakulunga wayayo ndi ulusi mothinitsa, kuyambira kunsonga, kuti asaoneke. Mutu amapanga ndi mkanda waukulu wamtengo, najambulapo timaso ndi kakamwa. Tsitsi limakhala la ulusi kapena la ubweya wa nkhosa. Chovala amasoka ndi tizidutswa ta nsalu todulidwa ngati maluŵa, tosanjikiza kuti tioneke ngati duŵa lozondoka. Potsiriza amapinda waya wopyapyala ngati mapiko a gulugufe, namkuta ndi nsalu yoonekera, ndi kumangirira mapikowo kumsana kwa kachidoleko.

Pokongoletsa kanyumba, mmisiri wanzeru amayang'ana zinthu zimene ena ataya. Mabokosi atatu a machesi omatidwa pamodzi amasanduka kakabati. Chitsekero cha botolo chimasanduka mbale, chikoko cha mtedza chimasanduka kabedi ka khanda, ndipo kachidutswa ka nsalu yakale kamasanduka chinsalu cha pazenera. Chofunika ndi maso otha kuona chinthu chachikulu m'kanthu kakang'ono, ndi kusaiŵala lamulo la muyeso lija. Mnyamata wopanga galimoto yawaya amalidziŵa kale lamuloli, ngakhale sadaliŵerenge m'buku, pakuti saika mateyala aakulu kuposa galimoto yake.

A Wilkinson adamwalira m'chaka cha 1940. Patapita zaka, nyumba ya Titania idagulitsidwa, ndipo m'chaka cha 1978 idagulidwa ndi kampani ya Lego ya ku Denmark, yopanga zoseŵeretsa za ana. Anthu ambiri a ku Ireland adamva chisoni kuti chuma chotere chachoka m'dziko lawo, kotero kuti amisiri ena a kumeneko adamanga nyumba ina yoloŵa m'malo mwake, naitcha Tara's Palace. Nyumba ya Titania idakhala ku Legoland, m'tauni ya Billund, kwa zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 2007 adaisamutsira ku Egeskov, nyumba yaikulu yakale ya ku Denmark komweko.

Amisiri amene adapala timatabwa tija adapita onse, ndipo ana amene adathandizidwa ndi ndalama zija adakula, nakalamba. Koma timipando tija tikadali chiimire, ndipo timadontho ta utoto tija tikadali pa makoma monga adatiikira mwini wake. Ntchito yogwiridwa mosamala imakhalitsa kuposa woigwira, ndipo kaŵirikaŵiri imakafika kwa anthu amene mmisiriyo sadaŵaone ndi maso.

Mafunso

1. Kodi tianthu totchedwa fairy timaoneka bwanji, ndipo akuti timakhala kuti?
2. Nchiyani chidachititsa a Wilkinson kumanga nyumba ya Titania?
3. Tebulo lenileni ndi lalitali mainchi 60. Kodi m'kanyumba ka zidole lidzakhala lalitali mainchi angati?
4. Kodi nyumba ya Titania idathandiza bwanji ana ovutika?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, kuona maso a nkhono n'kudekha.
6. Tchulani zinthu zisanu zopezeka kwanu zimene mungapangire kachidole ndi kanyumba kake.